Amtengatenga a Makono

Dziko la Malawi lili ndi nyanja yaikulu, koma lilibe doko lofikirapo sitima zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Chifukwa cha ichi, mchere wothira m'ndiwo, feteleza wa kumunda, mankhwala a kuchipatala ndi mafuta a galimoto zimayenda mtunda wautali zisanafike m'manja mwa eni dziko. Nayenso fodya, tiyi ndi shuga sangasanduke ndalama pokhapokha atafika kudoko. Pakati pa doko ndi mudzi pamakhala munthu wonyamula, ndipo mbiri yake siitchulidwa kawirikawiri, pakuti mabuku amakonda kukamba za mafumu, amishoni ndi abwanamkubwa. Masiku ano ntchito yonyamulayi ili m'manja mwa madalaivala a mitundu iwiri. Alipo oyendetsa malole m'dziko momwemuno, amene dzuwa likamalowa amakhala atayandikira kwawo. Alipo ena oyendetsa mathiraki akuluakulu, amene amadutsa malire a mayiko nagona m'njira masabata angapo. Kusiyana kwa miyoyo ya anthu awiriwa sikudangochitika mwangozi. Kudabadwa ndi mbiri ya dziko lino, makamaka nkhondo imene idatseka njanji zake.

Kalekale kusanabwere galimoto, katundu yense ankayenda pamutu ndi paphewa. Azungu oyamba ankalowa m'dziko muno podzera mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, koma sitima sizinkatha kupitirira mathithi amene ayambira pa Kapichira kukafika kufupi ndi Matope. M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala idaphwasulidwa, ndipo anthu mazanamazana adasenza zidutswa zake kulambalala mathithiwo, nakailumikizanso kumtunda isanalowe m'nyanja. Kampani ya African Lakes, yomwe anthu adaitcha Mandala, itayamba malonda mu 1878, ntchito yosenza idakula kwambiri. Osenzawo ankatchedwa amtengatenga. Munthu mmodzi ankanyamula mtolo wolemera pafupifupi makilogalamu 25, kukwera nawo phiri kuchokera kwa Katunga ku Chikwawa mpaka ku Blantyre. Ena ankanyamula azungu pamachira. Ambiri sadalowe ntchitoyi mwa kufuna kwawo, koma pofunafuna ndalama ya msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda lidaika. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza zakudya ndi zipolopolo za asilikali. Ambiri adafera kutali ndi kwawo chifukwa cha njala, matenda ndi kutopa.

Njanji ndiyo idayamba kutula mtolo pamutu wa mtengatenga. Sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, m'chaka cha 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatha kumangidwa, kotero kuti sitima idayamba kuyenda kuchokera ku Beira osaima kuti katundu aoloke pamadzi. Chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Dziko litalandira ufulu, njanji ina yodzera ku Nayuchi kupita kudoko la Nacala idatsegulidwa mu 1970, ndipo pofika 1980 njanji idali itadutsa ku Lilongwe kukafika ku Mchinji. M'zaka zonsezi ulendo wautali udali wa sitima. Lole, imene idayamba kuoneka kawirikawiri m'zaka za m'ma 1920, idali ngati mwana wotumikira njanji. Inkatola fodya, mtedza ndi thonje m'misika ya kumidzi n'kukatula kusiteshoni, ndipo pobwerera inkatenga mchere, nsalu, sopo ndi palafini kupita nazo kumasitolo.

Motero dalaivala woyamba wa m'dziko muno adali wa maulendo afupiafupi. Chaka chake chinkayendera nyengo za ulimi. Mvula isanagwe ankagawa feteleza ndi mbewu. Nthawi yokolola ankanyamula chimanga cha bungwe la Farmers Marketing Board, limene mu 1971 lidalowedwa m'malo ndi ADMARC. Msika wa fodya ukatsegulidwa ankandanda ndi mabelo pa okushoni ku Limbe, ndipo pambuyo pake ku Kanengo. Ena ankatenga tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Dalaivala wotere ankadziwika ndi dzina m'midzi imene ankadutsa. Ankanyamula makalata a anthu, kuperekeza odwala kuchipatala, ndipo nthawi zina lole yake ndiyo inkatenga maliro. Kusowa pakhomo usiku umodzi kapena uwiri kudali kokwanira. Oyenda maulendo akunja adalipo, makamaka opita ku Salisbury kudzera ku Tete, koma adali ochepa.

Zinthu zidatembenuka ndi nkhondo ya ku Mozambique. Dzikolo lidalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi mu 1975, ndipo pasanapite zaka zambiri gulu la RENAMO lidayamba kumenyana ndi boma la FRELIMO. Nkhondo isanakule, pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'Malawi ankadzera ku Beira ndi ku Nacala, madoko amene ali pamtunda wa makilomita osapitirira kwenikweni 800 kuchokera ku Blantyre. Zigawenga zidayamba kuphulitsa milatho, kuzula njanji ndi kutentha sitima. Njanji ya ku Beira idatsekeka mu 1983, ya ku Nacala idatsatira mu 1984. Chakudza sichiimba ng'oma. Dziko lidadzidzimuka lili ndi fodya wopanda njira yotulukira, uku feteleza ndi mafuta zili kudoko. Popeza Malawi adali pa ubale ndi South Africa kuyambira mu 1967, maso adaloza kudoko la Durban, limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,300 kuchokera ku Blantyre podzera ku Tete ndi ku Harare. Mtengo wonyamulira udakwera kotero kuti pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100 a ndalama zogulira katundu kunja ankathera panjira. Apa m'pamene thiraki idalowa m'malo mwa sitima, ndipo dalaivala wa maulendo aatali adasanduka munthu wosunga moyo wa dziko.

Chigawo choopsa cha ulendowo chidali msewu wa ku Tete, kuchokera pa Zobue, kutsidya kwa chipata cha Mwanza, kukafika pa Nyamapanda m'malire a Zimbabwe. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 260, woti munthu angaumalize m'maola ochepa nthawi ya mtendere. M'zaka za nkhondo galimoto sizinkaloledwa kuyenda yokhayokha. Zinkasonkhana pamalire mpaka zitakwana mdipiti, ndipo asilikali a dziko la Zimbabwe ankaziperekeza, ena patsogolo, ena pakati, ena pambuyo. M'mbali mwa msewu munkaoneka zigoba za mathiraki otenthedwa. Phula lidali lokumbikakumbika, ndipo kupatuka pang'ono kudali kudziputira bomba lokwirira pansi. Dalaivala ankapemphera kuti tayala lisaphulike ndiponso injini isazime, chifukwa wotsalira m'mbuyo ndiye amene zigawenga zinkamuyembekezera. Ataoloka mlatho wa pa Zambezi mumzinda wa Tete, kutentha kwa m'chigwacho kunkapsereza matayala ndi kuwiritsa madzi a mu injini. Madalaivala ndi othandizira awo ambiri, Amalawi ndi a mayiko ena, adataya miyoyo pamsewu umenewu atanyamula katundu wa anthu amene sadawadziwe n'komwe.

Mu December 1990 mbali ziwiri zomenyanazo zidagwirizana ku Rome kuti asilikali a Zimbabwe azingolondera njira ya ku Beira ndi ya ku Limpopo basi. Msewu wa ku Tete udatsala wopanda mlonda, ndipo mathiraki ambiri adayamba kuzungulira ku Zambia. Ankatulukira ku Mchinji, kudutsa Chipata, kuoloka Luangwa, kufika ku Lusaka, kenaka kutsikira ku Chirundu kulowa m'Zimbabwe. Ulendo wa ku Durban udapitirira makilomita 3,000. Pa nthawi yomweyo boma lidakonza njira ya kumpoto yodzera ku Karonga ndi ku Songwe kulowa m'Tanzania, ndipo malo osungira katundu wa Malawi adamangidwa ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam. Njirayi idathandiza makamaka pa mafuta, ngakhale idapatsa madalaivala mayeso ena pa chitunda cha Chiweta, pomwe mabuleki akakanika galimoto imakathera kuphedi. Ntchito idachulukirachulukira chifukwa dziko lidalandira anthu othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo mu 1992 kudagwa chilala chachikulu. Chimanga chopulumutsa anthu onsewo chidabwera pamsana wa thiraki.

Moyo wa dalaivala wa maulendo aatali udakhala wosiyana ndi wa mnzake kuyambira pogona mpaka pa chakudya. Nyumba yake idali kachipinda ka kuseri kwa mpando. Ponyamuka ankalongedza kamba wa paulendo: ufa, usipa kapena nyemba, mchere, mafuta ophikira, mbaula ndi chigubu cha madzi. Nsima ankaphikira pansi pa ngolo, pamthunzi wa matayala. Wothandizira wake, amene kawirikawiri adali mnyamata wofuna kuphunzira chiwongolero, ankamanga zingwe, kufunditsa katundu, kuika jeke ndi kulondera usiku. Nthawi yambiri sinkathera pa kuyenda koma pa kudikira. Pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge mapepala a kasitomu ankatenga masiku, ndipo cholakwika chimodzi pa pepala chinkagoneka galimoto sabata yathunthu. Kudoko nako kudali kudikira katundu wobwerera naye, chifukwa mwini galimoto sankalola kuti ibwerere yopanda kanthu. Dalaivala ankayenera kudziwa ndalama za mayiko anayi kapena asanu, malamulo a masikelo a pamsewu, ndi zilankhulo zokwanira kupempha madzi ndi kudandaula kwa wapolisi. Chichewa chinkamuthandiza ku Zambia ndi m'madera ena a Tete, koma kupitirira apo ankatola Chishona, Chipwitikizi, Chizulu kapena Chiswahili. Ku South Africa, chisanafike chaka cha 1994, ankakumananso ndi malamulo a tsankho amene ankamuuza khomo lolowera ndi malo odyera.

Mphotho yake idali yooneka ndi maso. Kuwonjezera pa malipiro a pamwezi, ankalandira ndalama za m'njira, ndipo wodziwa kudzimana ankasungako n'kugula katundu wosowa kumudzi. Wailesi, bulangete, nsapato, mbale ndi zovala za ku Joni zinkatsika pakhomo pake anansi akuyang'ana. Ana a m'mudzi ankamuona ngati munthu woti waona dziko, ndipo anyamata ambiri ankalota kudzagwira chiwongolero chachikulu. Apa dalaivala adatenga malo amene kale adali a anthu opita kumigodi kudzera ku Wenela, ulendo umene boma lidauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi obwerera kwawo. Monga wa kumigodi, dalaivala adabwera ndi chuma ndi nkhani zachilendo. Monga wa kumigodi, adasiya mkazi akulera yekha ana, kulima yekha munda ndi kuweruza yekha milandu ya pakhomo. Kusiyana kwake kudali kwakuti wa kumigodi ankachoka kamodzi n'kukhalitsa, pamene dalaivala ankabwera kawirikawiri koma osakhazikika. Ankafika ngati mlendo, kugona masiku awiri kapena atatu, n'kunyamukanso zovala zisanaume pachingwe.

Walira mvula walira matope. Asanabwere mafoni a m'manja, dalaivala akadutsa malire ankakhala ngati wamira m'madzi. Mwana ankabadwa iye ali ku Harare, ndipo mayi ake ankaikidwa m'manda iye ali pamzere ku Beitbridge. M'dziko limene kusafika pa maliro a mbale kumawerengedwa ngati mlandu, ichi chidali chilonda chosapola msanga. Choopsa china chidadza mwakachetechete. Munthu woyamba kupezeka ndi matenda a Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, nthawi yomweyo imene mathiraki adachuluka m'misewu. Pamalo pomwe amuna okhala ndi ndalama m'thumba ankagona masiku ambiri kutali ndi mabanja awo, pomwenso umphawi ndi nkhondo zidasonkhanitsa akazi opanda chowathandiza, kachirombo kadapeza njira yosavuta. Sikuti madalaivala onse adali osadziletsa, ndipo nkulakwa kuwasenzetsa okha mlandu wa mliri umene udakhudza anthu a ntchito zonse. Komabe makampani adataya madalaivala aluso ambiri, ndipo amasiye adatsala. Mpumulo udayamba kuoneka boma litayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo mu 2004, ndiponso pamene kachipatala kothandiza madalaivala kadatsegulidwa pa chipata cha Mwanza mu 2005.

Nayenso dalaivala wa m'dziko momwemuno sadagone pa duwa. Malipiro ake adali ochepa, ndipo ndalama za m'njira sankaziona kwenikweni. Misewu yake yambiri idali yafumbi, yoti nthawi ya dzinja lole inkatitimira m'matope mpaka anthu a m'mudzi atabwera ndi makasu ndi nthambi. Milatho yamatabwa inkalira pansi pa matayala. Galimoto zake kawirikawiri zidali zakale, zofuna dalaivala amene alinso makanika. Eni katundu ankamukakamiza kupakira mopitirira muyeso, ndipo potsika chitunda cha Thabwa kupita ku Chikwawa moyo wake unkadalira mabuleki otha. Pa tsiku limodzi ankatha kupakira ndi kutsitsa kangapo, mwina kusenza nawo matumba pamene anyamata achepa. Msika wa fodya ndi wa chimanga ukatsekedwa, ntchito inkachepa, ndipo ena ankaimitsidwa mpaka chaka chinacho. Koma munthu ameneyu adali ndi chuma chimene mnzake wa ku Durban sankatha kugula ndi marandi. Ankadya nsima ya pakhomo, kuona ana akupita kusukulu, kulima kamunda kake Loweruka, kupemphera ndi anzake, ndi kukhala nawo pa maliro ndi pa ukwati. Dzina lake linkamveka pabwalo la mfumu chifukwa ankapezekapo.

Nkhondo ya ku Mozambique idatha ndi pangano limene lidasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Wina akadaganiza kuti mtendere ubweza katundu yense kunjanji, koma sizidatero. Njanji zidali zitaonongeka kwambiri, ndipo kuzikonza kudafuna ndalama ndi zaka. Amalonda adali atazolowera thiraki, imene imatenga katundu pakhomo la fakitale n'kukamutula pakhomo la sitolo. Malonda ndi South Africa adakulanso tsankho litatha. Njanji za Malawi zidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, ndipo njira ya ku Nacala idamangidwanso mwamphamvu chifukwa cha malasha a ku Moatize, nitsegulidwa mu 2017. Ngakhale zili choncho, gawo lalikulu la mafuta, feteleza ndi katundu wa m'masitolo likubwerabe pamsewu kuchokera ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku South Africa.

Zina zidapepuka m'zaka zotsatira. Foni ya m'manja idalola bambo kumva mawu a mwana wake ali kutsidya kwa Limpopo. Mlatho wachiwiri pa Zambezi kufupi ndi Tete udatsegulidwa mu 2014. Zipata zoti mayiko awiri azigwirira ntchito pamalo amodzi zidayamba pa Chirundu mu 2009, ndipo pa Mchinji ndi Mwami mu 2022. Komabe zoopsa sizidatheretu. Mu 2016 kusamvana kutabukanso pakati pa dziko la Mozambique, mathiraki ena a ku Malawi adatenthedwa ndipo midipiti yoperekezedwa ndi asilikali idabwereranso kwa kanthawi. Mu 2019 madalaivala achilendo adachitiridwa nkhanza m'misewu ya ku South Africa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseka malire kwa anthu ena onse, madalaivala ndiwo adapitirizabe kuoloka, akuyezedwa pachipata chilichonse ndi kusalidwa ngati obweretsa matenda. Ndipo mu 2021, pamene adanyanyala ntchito podandaula za malipiro, mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta idaonetsa m'masiku ochepa kuti dziko limaima iwo akaima.

Thiraki imodzi yonyamula matani 30 imasenza mtolo umene kale ukadafuna amtengatenga 1,200. Makina adachotsa katundu pamutu wa munthu, koma sadachotse mtunda umene uli pakati pa Malawi ndi nyanja yamchere, ndipo mtunda umenewo umalipiridwabe ndi nthawi ya munthu wina, tulo take ndi banja lake. Wa maulendo aatali amapeza ndalama zochulukirapo ndi kuona mayiko, koma amalipira ndi kusowa kwake pakhomo. Wa maulendo afupiafupi amasunga malo ake pakati pa abale, koma amalimbana ndi malipiro ochepa ndi misewu yoipa. Palibe mwa awiriwa amene angakwanitse ntchito popanda mnzake, pakuti thumba la feteleza lochokera ku Beira likangotulidwa ku Kanengo silinafike kwa mlimi wa ku Mitundu, ndipo belo la fodya la mlimiyo likangofika pa okushoni silinaone doko. Mutu umodzi susenza denga. Mnyamata kapena mtsikana amene akusirira chiwongolero ayenera kuyeza mbali zonse ziwiri asanasankhe, ndipo dziko limene limadya ndi kuyenda chifukwa cha anthu amenewa lili ndi ngongole yowapatsa malipiro oyenera, misewu yabwino ndi malo opumulirapo aulemu. Amtengatenga akale ambiri adagona m'manda osadziwika, maina awo osalembedwa paliponse. Adzukulu awo a pa chiwongolero ayenera kuwerengedwa adakali moyo.